Big Unit anakonzedwa ndi phazi

Mukangotchula Randy Johnson, katswiri wakale woponya mpira pa masewera a baseball ku America, anthu amathamangira nkhani ya nkhunda. Inde, mu March 2001 ku Arizona mpira umene anaponya unakumana ndi nkhunda ili mkati mouluka, nthenga n'kungoti mbwee! Koma ine zimandiwawa kuti munthu wopambana magemu 303 mu Major League Baseball azikumbukiridwa ndi mbalame.

Dzina loti Big Unit, kutanthauza chimunthu chachikulu, analipeza mu 1988 ali ku Montreal Expos. Mnzake Tim Raines anawombana naye pokonzekera gemu, atakweza maso n'kuona chimunthu cha mamita 2.08 chitamuimirira, anangomutchula choncho. Dzinalo linakakamira mpaka lero.

Msinkhuwo poyamba unkamusokoneza. Mkono wamanzere unali ndi liwiro loopsa, koma mpira unkapita kumene wafuna wokha. Ku Seattle Mariners, kuyambira 1990 mpaka 1992, palibe woponya mu ligi yawo ya American League amene anapereka ma walk ochuluka kuposa iye, ndiye kuti womenya ankangoima phee, mipira inayi n'kuphonya, iye uyo wapita pa base yoyamba ulele. Mu 1992 Nolan Ryan, katswiri wina woponya, anamuonetsa pamene pankalakwika: poponya ankatera ndi chidendene, thupi lonse n'kupendekera kumbali. Anamulangiza kuti azitera ndi kutsogolo kwa phazi. Basi, kanthu komweko.

Mantha okha sanawachoke omenya. Kaoneni gemu ya All-Star ya 1993, ya osewera osankhika okhaokha. Mpira woyamba wa Johnson unamudutsa womenya John Kruk pamwamba pa mutu, Kruk n'kumadzisisita pamtima, kenako ankangogwedeza ndodo ataima patali kuti zithe msanga akakhale pansi. Ndimaseka nthawi zonse ndikaonera.

Chimene chimandigometsa n'chakuti anafika pachimake pa msinkhu umene anzake amakhala akulongedza. Mwa mphoto zake 5 za Cy Young, zopatsidwa kwa woponya wopambana onse mu ligi pa chaka, zinayi anazitenga motsatizana kuyambira 1999 mpaka 2002, atakwanitsa kale zaka 35. Mu World Series ya 2001, ndime yomaliza yolimbirana chikho, anaponyera Arizona Diamondbacks ma inning (zigawo za gemu) 7 mu gemu ya 6, mawa lake n'kubweranso kudzamaliza New York Yankees. Mu May 2004, ali ndi zaka 40, anatulutsa omenya onse 27 a Atlanta Braves popanda ndi mmodzi yemwe wofika pa base.

Anasiya kusewera itatha season ya 2009 ali ndi ma strikeout 4,875, ndiye kuti omenya amene anawatulutsa powaphonyetsa mipira itatu. Womuposa ndi mmodzi yekha, Nolan Ryan yemwe uja.