Kodi new mukumulemba pati? Za ma pattern opangira ma object

Anzanga ambiri omwe akuphunzira kulemba mawebusaiti akafika pa ma design pattern, njira zodziwika zothetsera mavuto obwerezabwereza polemba khodi, amayamba ndi kuloweza maina asanu aja, Singleton, Factory Method, Abstract Factory, Builder ndi Prototype, kenako ma diagram a UML, zojambula zoonetsa ma kalasi, odzaza mivi, basi mutu wazungulira asanalembe khodi ngakhale mzere umodzi. Ine chomwe chimandithandiza ndi funso limodzi lokha: mu pulogalamu yangayi, new, liwu lija lopangira object kuchokera ku kalasi, akulembedwa pati, ndipo akumulemba ndani? Asanu onsewa akungoyankha funso limeneli, aliyense mwanjira yake.

Mainawa anatchuka ndi buku la Design Patterns la mu 1994, lomwe analemba anthu anayi, Erich Gamma, Richard Helm, Ralph Johnson ndi John Vlissides, aja amangotchulidwa kuti Gang of Four. Muli ma pattern 23 ndipo 5 okha ndi a kapangidwe ka ma object. Koma zitsanzo zawo zinali za C++ ndi Smalltalk, PHP ndi JavaScript zinali zisanatuluke n'komwe, zonse ziwiri zinabwera 1995, ndiye mukamatenga za m'bukumo kuika pa webusaiti zina zimalowa bwinobwino koma zina zimafuna kuziganiziranso kaye.

Tiyambe ndi factory poti ndi amene mudzamugwiritse ntchito kwambiri. Tiyerekeze webusaiti yanu imatumiza uthenga munthu akalembetsa. Poyamba ndi imelo yokha, ndiye mwalemba new EmailSender mu controller (khodi yolandira request) yolembetsera, mu ya oiwala password, mu ya ma order, paliponse. Tsiku lina akuti ena akufuna meseji ya SMS, apa ndiye muyambe kutsegula fayilo iliyonse kuikamo ma if ndi ma else, ndipo pena pake muiwala ndithu. Factory akuti chotsani ma new onsewo muwaike malo amodzi. Controller izingopempha kuti ndipatse chotumizira uthenga cha munthu uyu, yapatsidwa cha imelo kaya cha SMS ilibe nazo ntchito, bola chili ndi method ya send. Ndipo ngati munalembapo JavaScript mwamugwiritsa kale ntchito osadziwa: document.createElement mukaipatsa "img" imakubwezerani HTMLImageElement, mukaipatsa "a" imakubwezerani HTMLAnchorElement, inu simunalembepo new.

Kanthu kena apa, zija ma tutorial ambiri amazitcha factory, function imodzi yokhala ndi switch mkati, si Factory Method ya m'buku muja kwenikweni. Ya m'buku, kalasi yaikulu imasiya method yopangira object kuti ma subclass ndi amene asankhe chopanga. Ine sindiona vuto kuyamba ndi ya switch, imagwira ntchito, kungoti mudziwe kusiyana kwake. Abstract Factory ndi ganizo lomwelo koma pa gulu la zinthu zoyenera kuyendera limodzi, mwachitsanzo connection ya MySQL iziyenda ndi cholembera ma query cha MySQL, osasakaniza ndi cha PostgreSQL. Pa webusaiti yaing'ono simudzamufuna kawirikawiri.

Builder ndimamukonda chifukwa vuto lomwe amathetsa limaoneka ndi maso. Constructor ya ma argument asanu, mukuiitana ndi true, false, null, null, 20, patapita mwezi ngakhale inu eni ake simukudziwa kuti false uja ndi wa chani. Builder amati mangani pang'onopang'ono, sitepe iliyonse ndi dzina lake. Onani query builder ya Laravel, framework ya PHP, mumayamba ndi table, kenako where, kenako orderBy, kenako limit, method iliyonse ikubweza object yomweyo kuti mulumikize ina, ndipo palibe chomwe chapita ku database mpaka mutaitana get kumapeto. Komabe kuyambira PHP 8.0 ya mu 2020 kuli ma named argument, ndiye ngati vuto lanu ndi kungoiwala kuti argument yachitatu ndi chani, musavutike kulemba kalasi yonse ya builder.

Prototype ndi kukopera object yomwe ilipo kale m'malo moyamba pa ziro. Mu PHP ndi clone, koma chenjerani, clone amakopera pamwamba pokha, ma object omwe ali mkati amakhala omwewo mbali zonse, mukasintha adiresi mu kope yasinthanso mu choyambirira, pokhapokha mutalemba __clone kuti akopere ndi zamkati. Mu browser cloneNode amachita ntchito ngati imeneyi mukamachulukitsa mizere ya tebulo kuchokera pa template imodzi.

Tsopano Singleton, apa ndiye ndikufuna tikhalitsepo. Aliyense wongoyamba amamukonda poti ndi wosavuta: constructor ikhale private, method ya static yotchedwa getInstance, object imodzi basi pulogalamu yonse. Koma "pulogalamu yonse" pa webusaiti ndi chani? Mu PHP ya masiku onse request iliyonse imayamba yokha ndipo ikatha zonse za mu memory zimafafanizidwa, ndiye Singleton wanu amakhala moyo kanthawi kochepa kwambiri, wa munthu mmodzi yekha. Mu Node.js, JavaScript ya pa seva, sizili choncho ayi. Seva ndi process imodzi yomwe imangoyakabe, module mukaiitana koyamba imasungidwa, aliyense woiitananso amapatsidwa object yomweyo, ndiye object iliyonse yomwe mwachita export ndi Singleton kale ngakhale simunalembe getInstance.

Taonani zomwe zimachitika. Mwaika currentUser mu object imeneyo. Munthu woyamba walowa, mwasunga dzina lake, khodi yafika pa await kudikira database. Nthawi yodikirayo munthu wachiwiri walowa, currentUser wasintha. Database yayankha, khodi ya woyamba uja ikupitiriza, ikuwerenga currentUser n'kupeza wachiwiri, basi munthu akuona zinthu za mnzake pa sikirini yake. Choopsa n'chakuti pa kompyuta yanu poyesa simudzaziona, poti mumakhala muli nokha, zimatulukira anthu akachuluka. Ndipo a PHP musati zimenezi n'za a Node okha, mukayamba kugwiritsa ntchito Swoole kapena Laravel Octane, zida zofulumizitsa seva ya PHP, pulogalamu imakhalabe mu memory ndipo vuto lomweli limakupezani.

Vuto lina ndi la ma test. Kalasi yomwe imaitana Database::getInstance mkati mwake simungaipatse database yabodza yoyesera mosavuta, yadzitengera yokha. N'chifukwa chake ma framework ngati Laravel ndi Symfony amadalira dependency injection, kupatsa kalasi ma object omwe ikufuna m'malo moti idzitengere yokha, dzina lomwe linafala ndi nkhani ya Martin Fowler ya mu 2004. Object ikhoza kukhalabe imodzi, palibe cholakwika, koma woisunga akhale container, gawo la framework lopanga ndi kugawa ma object, kalasi yanu ingoilandira kudzera mu constructor osadziwa kuti ilipo imodzi kapena khumi. Ine zomwe ndimalola kukhala chimodzi seva yonse ndi connection pool (ma connection a ku database osungidwa kuti agwiritsidwenso ntchito), logger ndi ma config. Chilichonse chokhudza munthu amene walowa, dzina lake, session yake, zomwe waika mu cart, chiziyenda ndi request yake.