Masekondi 10 a mlendo

Ntchito yanga pa yunivesite ina kuno ku America ndi yoyendetsa zochitika m'bwalo la basketball tsiku la masewero: nyimbo zilire nthawi yanji, bandi ikhale pati, sikirini yaikulu ionetse chiyani. Koma chimene chimandidyera nthawi kwambiri ndi ophunzira amene amakhala kuseri kwa bolodi lopachikapo mkombero woponyeramo mpira, achite ziti ndipo ziti asayerekeze. Sabata yathayi tinali ndi masewero awiri pakhomo, Lachitatu ndi Loweruka, moti kunalibe kupuma.

Kwa inu amene simutsatira masewerowa, nkhani yake ili motere. Wosewera akachitidwa faulo pamene akuponya, oimbira amaimitsa masewero n'kumupatsa free throw. Amakaima pamzere umene uli mamita 4.57 kuchokera pabolodi, popanda womutchinga kapena womukhudza, mkombero uli m'mwamba mamita 3.05 monga mwa nthawi zonse. Malamulo a NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji, amamupatsa masekondi 10 kuti aponye, ndipo mpira ukalowa ndi pointi imodzi. Anyamata a m'makoleji amalowetsa pafupifupi 70 pa 100 iliyonse, chiwerengero chimene chakhala chili pomwepo kwa zaka zambirimbiri. Tsono bolodi lija ndi lagalasi. Woponyayo akadzutsa maso amaona mkombero, ndipo kuseri kwake amaona ana athu mazanamazana amene abwerera chinthu chimodzi: kuti aphonye.

Lolemba madzulo ndinakumana ndi atsogoleri a gulu la ophunzira ochemerera. Amabwera ndi mndandanda wa zimene akufuna kuchita, ine n'kumavomera kapena kukana. Zina sindichita kuganizira chifukwa malamulo adakana kale. Zoimbira zochititsa phokoso monga malipenga ndi mawezulo n'zoletsedwa, bandi ndi nyimbo zimakhala chete mpira ukamaseweredwa, ndipo munthu akaponya chinthu m'bwalo oimbira angathe kulanga timu yathu ndi technical foul, n'kupatsa mlendo mwayi woponya kwaulere. Ndikawafotokozera kuti kwathu ku Malawi wokamenya penate amamenya vuvuzela zikulirira m'khutu mwake, amandiyang'ana ndi nsanje yeniyeni.

Zovuta ndi zimene malamulo sadatchule. Ana amenewa amafufuza. Pofika Lolemba amakhala atapendapenda kale Instagram ya wosewera aliyense wa timu yobwerayo, ndipo ulendo uno anabwera ndi chithunzi cha chibwenzi cha mnyamata wina, ati achisindikize chachikulu ngati chitseko. Ndinakana. Mtsikanayo sasewera, sadalakwire munthu. Malire anga ndi omwewo nthawi zonse: makolo a munthu, khungu lake, chilema chake ndi maliro a kwawo si zosewera nazo. Nkhope ya wosewera mwiniwakeyo ndinalola, chifukwa mitu ikuluikulu yapakatoni idazolowereka kale m'mabwalo onse. Ambiri amati idayambira kwa ochemerera a yunivesite ya San Diego State otchedwa The Show kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000.

Mtima wonse wa ana athuwa uli pa yunivesite ya Arizona State. Kumeneko, mumzinda wa Tempe, ophunzira a gulu la 942 Crew adayambitsa mu 2013 chimene amachitcha Curtain of Distraction. Ndi katani yakuda chabe yoimikidwa kuseri kwa bolodi. Mlendo akaima pamzere, katani ija imatseguka, ndipo chimene chituluke palibe amadziwa: wina wovala ngati Elvis Presley, wina ngati gogo wolusa, ena ngati nyama. Mu Januwale 2016, akusewera ndi Oregon State, m'katanimo mudatuluka katswiri wosambira Michael Phelps, amene panthawiyo ankachitira zokonzekera zake ku Tempe komweko, atavala kakabudula kosambirira ndi mamendulo m'khosi. Woponyayo adaphonya kawiri konse. Ana athu amaidziwa nkhaniyi pamtima ndipo amafuna katani yawo. Ine ndimawauza kuti katani ili ndi eni ake, ndipo wokopera amangooneka kuti wakopera.

Nkhani imene ine ndimaikonda ndi ya ku yunivesite ya Duke mu 2003, akusewera ndi North Carolina m'bwalo la Cameron Indoor Stadium. Ochemerera a kumeneko, a Cameron Crazies, amadziwika ndi phokoso. Koma tsiku limenelo amene anali kuseri kwa bolodi adakhala pansi, n'kusiya munthu mmodzi yekha atadzuka ali ndi kakabudula kosambirira, akuvina. Jackie Manuel wa North Carolina adaphonya kawiri. Ambiri akamakamba nkhaniyi amakumbukira kakabudulako. Ine ndimakumbukira anthu amene adakhala pansi aja, chifukwa pakadapanda iwo wovinayo sakadaoneka n'komwe.

Lachiwiri ndinakathandiza pa zokonzekera za timu yathu. Aphunzitsi amandipempha kuti ndiike phokoso la anthu m'masipika, lokwera mpaka mipando kunjenjemera, anyamata n'kumaponya. Ndinaima pafupi ndi mzere kuonerera mmodzi wa osewera akuluakulu a timuyi. Chala chaphazi amachiika pamalo amodzimodzi, amagunditsa mpira pansi katatu, amauzunguza m'manja mpaka zala zipeze mzere wake, amatulutsa mpweya, maso n'kuima pachitsulo cha mkombero osaphethira. Phokoso lonse lija iye alibe nalo ntchito. Joan Vickers wa ku University of Calgary adafufuza zimenezi m'zaka za m'ma 1990 ndipo adapeza kuti odziwa kuponya amaimika maso pamalo amodzi kwa kanthawi kotalikirapo asanayambe kuponya, kusiyana ndi anzawo ophonyaphonya. Adazitcha quiet eye. Munthu wotere wamva phokoso kuyambira ali ku sekondale, ndipo kwa iye anthu zikwi akamakuwa pamodzi palibe mawu amene akumveka. Wothandizira aphunzitsi anandiuza kuti anyamata ake akapita koyenda sadandaula za bwalo lodzaza. Amadandaula za bwalo la anthu ochepa, kumene munthu mmodzi angathe kukutchula dzina iwe n'kumumva bwinobwino.

Chinanso chimene ndinaona n'chakuti mipira yambiri inaphonyedwa kumapeto, aphunzitsi atawathamangitsa uku ndi uku mpaka kugwira m'mawondo. Miyendo ikatopa mpira umagwera kutsogolo kwa mkombero. Zimenezi ana athu ochemerera sindiwauza, angafooke.

Lachitatu anafuna kuyesa nzeru ina imene anaiwerenga. Mu 2005 mlembi wina wodziwa za ubongo, Daniel Engber, adanena kuti anthu akamagwedeza mabaluni aliyense kwake, diso la woponya limangozitaya zonsezo ngati zinyalala, koma onse atasunthira mbali imodzi nthawi imodzi, ubongo ungaganize kuti thupi ndilo likupendekeka. Timu ya Dallas Mavericks ya mu NBA, ligi yaikulu ya basketball kuno ku America, idayesako masewero angapo. Poyamba zidaoneka ngati zikugwira, kenako mlendo wina adabwera n'kulowetsa bwinobwino, nkhani n'kuthera pomwepo. Ana athu anati iwo achita mwadongosolo kuposa a ku Dallas.

Mwayi wa ana athu umabwera m'chigawo chachiwiri. Timu iliyonse imayamba kuponyera kumkombero wakutali ndi benchi yake, ndiye akasinthana mbali mlendo amabwera kwathu, ndipo n'chifukwa chake ophunzira tidawaika mbali imeneyo. M'masewero a anyamata, timu ikafika pa faulo ya 7 m'chigawo, wochitidwa faulo pamene sakuponya naye amaponya kamodzi, ndipo kachiwiri amaponya pokhapokha ngati koyambako walowetsa. Pa faulo ya 10 ndi pamene amapatsidwa kawiri mosayang'ana. Choncho pakati pa 7 ndi 9 pamenepo kuphonya kumodzi kumatayitsa mapointi awiri, ndipo ana athu amayawerenga mafaulowo mwatcheru kuposa wolemba patebulo.

Ine ndimaima pambali pa mzati wa bolodi, mahedifoni kumutu. Mlendo woyamba atafika pamzere, mtsogoleri wa ochemerera anakweza dzanja, onse n'kuyamba kupendekera kumanzere. Vuto linali lakuti iye anawatembenukira, ndiye kumanzere kwake kunali kumanja kwawo. Theka linapita uku, theka uko, apakati n'kugundana mitu. Mnyamatayo analowetsa kawiri konse, ukonde wokha n'kumveka kuti shwa.

Chimene chinagwira sichinali pamndandanda. Panali mnyamata wachaka choyamba, wamtali, wochedwa pamzere: amapukuta manja pakabudula, amagunditsa mpira kambirimbiri, amayang'ana pansi. Wina kumbuyo anayamba kumuwerengera masekondi mokweza, ena n'kulandira, ndipo ankawerenga mothamanga kuposa wotchi. Atafika pa 8 ndinaona mapewa ake akukwera. Anasiya kugunditsa asanamalize m'mene amachitira, n'kuponya mpira wouma umene unamenya kumbuyo kwa mkombero. Bwalo linaphulika. Patangopita kanthawi wina analiza wezulo m'gulumo, osewera awiri n'kuima poganiza kuti ndi oimbira. Woimbira wamkulu anabwera kutebulo nkhope ili gwa, ndipo ndinatha mphindi zingapo ndi achitetezo tikusakasaka mwini wezuloyo m'mizere. Tinamupeza, anakaonerera zotsalazo panja. Masewerowo tinapambana mosavuta.

Lachinayi linali la makalata. Agogo ena amene akhala ndi mpando umodzimodzi kwa zaka zambiri anadandaula kuti mitu yapakatoni imawatchinga. Ojambula zithunzi amene amakhala pansi kumzere wakumapeto anati ana akuwapondera zikwama. Abwana anga anafuna kudziwa ngati zonsezi zili ndi phindu. Yankho loona ndi lakuti lilipo koma ndi lochepa. A New York Times adawerengera zimenezi mu 2015 ndipo adapeza kuti osewera a m'makoleji amaphonyako pang'ono akakhala koyenda, kusiyana kwake n'kwakung'ono ndithu, ngakhale kuti mabwalo ena monga la Arizona State adaonetsa kusiyana kokulirapo. Pointi imodzi si kanthu mpaka tsiku limene mwagonja ndi pointi imodzi. Komabe ndikudziwa kuti chimene abwana amawerenga ndi mipando. Mwana amene wauzidwa kuti mpira uja waphonyedwa chifukwa cha iye amabweranso Loweruka, ndipo amabwera ndi anzake.

Lachisanu ndinawanyengerera kuti tiyese kukhala chete. Kuuza ana a zaka 19 kuti atseke pakamwa pamene akufunitsitsa kukuwa si ntchito yamasewera. Ndinawakumbutsa za Taylor University ku Indiana, kumene kamodzi pachaka, mu Disembala, bwalo lonse limakhala duu mpaka timu yawo itapeza pointi ya 10, ndiyeno n'kuphulika. Ngati iwo amatha kupirira nthawi yonseyo, ife tingalephere masekondi 10? Tinagwirizana kuti onse akhale pansi, pasakhale wotsokomola, ndipo pakati pawo padzuke mtsikana mmodzi atavala chovala chofufuma cha dinosaur, atanyamula ndodo yowedzera nsomba, n'kumawedza mwakachetechete ngati ali yekha kunyanja. Tinayeserera m'bwalo lopanda anthu. Kafani kofufumitsa chovalacho kanatha mabatire pakati pa zoyesererazo, chinyamacho n'kufota mutu uli pendeke, moti madzulo ndinakagula mabatire ena ndi ndalama zanga.

Loweruka tinadikira faulo ya 7. Itakwana, mtsogoleri uja anatsitsa manja, ana onse n'kukhala pansi nthawi imodzi. Chete wake anafalikira mpaka kumipando ya akuluakulu, amene anangosiya kulankhula osadziwa chifukwa chake. Ndinamva nsapato ya woimbira ikulira pathabwa. Woponyayo anagunditsa mpira kawiri, anadzutsa maso, n'kukumana ndi chinyama chikuwedza. Ndinali pafupi moti ndinaona mlomo wake wakumunsi ukunjenjemera, akulimbana ndi phwete. Anaponya, mpira unazungulira mkombero n'kutuluka, wathu n'kuuwakha.

Ulendo wachiwiri mnyamata yemweyo sanayang'anenso, analowetsa kawiri. Wachitatu anali mkulu wa timu yawo, wachaka chomaliza, amene ndikukhulupirira kuti ngakhale denga likadagwa akadamaliza kaye kuponya. Pofika kumapeto chinyama chija chinangokhala ngati mmodzi wa oonerera, ndipo ana anabwerera ku kukuwa kwawo kwa masiku onse. Umu ndi m'mene zimathera nthawi zonse: chachilendo chimagwira kamodzi, mwina kawiri, ndipo pofika sabata yamawa vidiyo yake imakhala itafika kale kwa timu yotsatira. Masewerowo tinagonja ndi mapointi ochepa, ndipo anyamata athu omwe anaphonya ma free throw angapo kumapeto, bwalo lonse lili chete kuwapatsa ulemu.

Usiku ndikulongedza mitu yapakatoni m'chipinda chosungiramo katundu, foni inalira. Anali mtsogoleri wa ochemerera uja, kufunsa ngati malamulo amaletsa kubweretsa mbuzi yamoyo. Ndamuyankha kuti mbuzi ayi. Funso lake lachiwiri, lokhudza makina otulutsa utsi, ndalitumiza kwa a zozimitsa moto kuti amukanize okha.