Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 7: Masabata atatu amene ndinataya

Gawo lapitalo ndinalekezera pomwe mwana wanga woyamba anakwanitsa miyezi isanu. Anali mwana wansangala. Ukangomuyang'ana, ankatsegula kakamwa kopanda mano kaja mpaka nawenso kuseka.

Zinayamba m'mawa wina atangodzuka. Mutu unagwera pachifuwa mwadzidzidzi, timanja n'kutambasuka, timiyendo n'kupindikira kumimba. Kanthawi kochepa zedi, ngati kuphethira kwa diso. Anabwereza, n'kubwerezanso, mpaka kasanu ndi kawiri, kenako analira. Ine ndinati wangodzidzimuka. Apongozi anati, "Mwana wanga, musade nkhawa, ndi m'mimba mukumupota, makanda onse amatero." Ndinavomera, chifukwa kwa ine matenda a khunyu anali a munthu wogwa pansi, kuphupha ndi kutuluka thovu kukamwa.

Chimene chinandilasa mtima n'chakuti kuseka kuja kunatha. Ndinkamuimbira, kumuwombera m'manja, iye maso ali gwa kudenga ngati mayi ake palibe. Kugudubuka kumene anali atayamba kunalekekanso.

Kuchipatala ulendo woyamba anagona tulo tabwino, ndipo tinabwezedwa. Ndinalephera kufotokoza zomwe ndinkaona. Usiku umenewo bambo ake anati, "Mayi a mwana, mawa zikayamba mujambule pa foni." Manja akunjenjemera, ndinajambula. Mpaka lero kanemayo sindifuna kumuoneranso, koma ndi amene anatipulumutsa.

Dokotala wa ana anamuonera kawiri osayankhula. Tsiku lomwelo anamata timawaya pamutu pa mwana, kuyeza kotchedwa EEG, komwe kumaonetsa mmene magetsi a mu ubongo akuyendera. Anatiuza kuti ndi mtundu wa khunyu wa makanda wotchedwa infantile spasms, kapena West syndrome. Nthawi zambiri umayamba mwana asanathe chaka, kugwedezeka kulikonse kumatenga sekondi imodzi kapena awiri, ndipo kumabwera motsatizana, makamaka mwana akangodzuka. Choopsa chake si kukula kwa kugwedezekako ayi. Ubongo umakhala wosokonezeka ngakhale pamene mwana akuoneka phee, ndipo mankhwala akachedwa, kakulidwe kake kamabwerera m'mbuyo.

"Zayamba liti, mayi?"

"Patha masabata atatu, adokotala."

Sanandikalipire. Koma mawu angawo anandilemera kuposa mwana amene ndinanyamula.

Anamuyambitsa prednisolone wamphamvu, n'kutiuza kuti akakanika pali wina, vigabatrin. Masiku amenewo anali owawa. Nkhope inatupa, njala yosatha, kulira usiku wonse. Ndili maso usiku wina ndinawerenga kuti dzina la matendawa linachokera kwa William West, dokotala wa ku England, amene mu 1841 analembera kalata magazini ya The Lancet kufotokoza zomwe zinkachitikira mwana wake weniweni, akupempha anzake kuti amuthandize. Ndinalira. Dokotala wathunthu, naye anasowa chochita pamaso pa khanda lake ngati ine.

Pa tsiku lachisanu ndi chinayi anadzuka, ndinadikira foni ili m'manja. Mutu sunagwe. Mawa lakenso sunagwe. Patapita masabata awiri, ndikumusintha thewera, anandiyang'ana m'maso n'kutsegula kakamwa kaja. Ndinaitana bambo ake mofuula mpaka mwana anadzidzimuka, kudzidzimuka kwenikweni tsopano.

Kukhala pansi kunachedwa, kuyenda kunachedwanso. Za ulendo wathu wa mafizo ndidzakamba m'gawo lotsatira.