Zikomo mpingo wanga, makamaka inu Amayi Aphunzitsi

Tamaliza abale. Lamulungu lapitali tatseka maphunziro athu a mphatso za Mzimu. Thupi latopa kotheratu koma mtima uli mbee. Zomwe tadutsamo mukuzidziwa kale: kukangana pa za malilime, agogo athu kubwerera kwawo osatolapo kanthu chifukwa cha Chingerezi ndi phokoso la masipika, mabanja ena mpaka kusiya kupatsana moni pakhomo la tchalitchi. Ambuye atichitira chifundo.

Abusa, zikomo polola kudzudzulidwa ndi ife ana anu. Akwaya, achinyamata a zoimbira, amayi ophika tiyi, Mulungu akubwezereni.

Koma Amayi Aphunzitsi, inu ndiye ndikusowa poyambira. Munthu wopuma kale pantchito, miyendo yovuta, koma kudzuka m'mamawa ku Chilomoni, kutsika m'tauni, kukweranso minibasi ya ku Ndirande, ndi ndalama ya m'thumba mwanu. Pamsonkhano wa akulu ampingo uja, tonse titakwezerana mawu, ndinu munatsegula 1 Akorinto 14 n'kutiwerengera modekha. Vesi 19, pamene Paulo akuti mumpingo kuli bwino alankhule mawu asanu omveka ophunzitsa ena kusiyana ndi mawu 10,000 m'malilime. Vesi 27 ndi 28, kuti olankhula malilime akhale awiri kapena atatu basi, mosinthana, wina amasulire, ndipo womasulira akasowa munthu akhale chete alankhule ndi Mulungu wake. Ena atayamba kuwomba m'manja poganiza kuti apambana, munawauza kuti adikire, n'kupitiriza mpaka vesi 39 yomwe ikuti tisaletse malilime. Tonse tinangoti zii. Palibe mbali yomwe munakondera, ndipo tsiku limenelo ndi lomwe mpingo uno unapulumuka.

Sindidzaiwala mmene munkaimira pambali pa mlaliki, Buku Lopatulika lanu lothothoka chikuto lili m'manja, Buku Loyera lili pabenchi. Munkati Chinyanja cha 1922 ndi chokoma kwa ife akale koma ana amasochera nacho, ndiye vesi lomwelo munkaliwerenganso m'Buku Loyera. Mlaliki akathamanga munkamugwira pamkono: "Abusa, bwerezani pang'onopang'ono, kumbuyoku sanamve." Ndani wina akanalimba mtima chotero? Tsiku lomwe magetsi anazima munamasulira ulaliki wonse ndi pakamwa pokha, mawu atasasa, mukumwa madzi otentha a mandimu a m'fulasiki. Ine ndinkakuuzani kuti mupume, inu ayi.

Lero taonani. Ulaliki ukuyenda m'Chichewa, mlendo akabwera ndi Chingerezi womasulira alipo. Masipika tatsitsa. Wina akakhala ndi uneneri amalankhula, ena n'kuuyesa monga vesi 29 ikunenera, osati kungolozana zala kuti uje ndi mfiti. Agogo ena anandiimitsa panja n'kundifotokozera ulaliki wonse mutu ndi mutu, akuseka. Ndinalira, sindikubisa. Ndinakumbuka Nehemiya 8:8 yomwe munkakonda kutitchulira Amayi, pamene Alevi ankawerenga chilamulo momveka n'kumatanthauzira mpaka anthu anazindikira.

Kwa inu amene simunabwereko ngakhale tsiku limodzi koma pa WhatsApp munali oyamba kulemba kuti tazimitsa Mzimu, zinatipweteka kwambiri. Mukanabwera mukanadzionera nokha. Malo anu pabenchi akadalipo.

Atate wakumwamba, inu mukudziwa zomwe mayi ameneyu wataya chifukwa cha nkhosa zanu. Mchiritseni pakhosi, mlimbitseni miyendo, mukumbukireni pamodzi ndi adzukulu ake.

Amayi, ndikudziwa mundikalipira chifukwa cholemba izi pagulu, koma ndikanakhala chete ndikanalakwa. Zikomo kwambiri mayi wanga. Amayi a chigwirizano akuti Lachinayi lino mapemphero akachitira kwanu, ndiye musavutike ndi minibasi, ife tibwera.