Mwana amene sankavuta

Chaka chino ndakwanitsa zaka 11 ndikulera ana a eni ake. Makolo amandisiyira m'mawa popita ku ntchito, n'kudzawatenga dzuwa litapendeka. Anthu amati ndili ndi sukulu ya mkombaphala, koma theka la ana anga sanafike pogwira choko. Ndi okwawa, ongoyamba kuponda pansi, a matewera. Malo ake ndi zipinda ziwiri ndi khonde kuseri kwa nyumba yanga, basi.

Pa malamulo onse amene amatipatsa tikamatenga chiphaso, limene ndinkadana nalo kwambiri ndi loletsa mlezi mmodzi kusunga ana ambirimbiri. Ndinkati analilemba anthu a mu ofesi amene sanaonepo mayi ataima pakhomo misozi ili mbwembwembwe, ntchito wayamba mawa, mwana alibe pomusiya. Munthu wotero umubweza bwanji?

Chaka china mtsikana amene ndinkagwira naye ntchito anapeza malo a malipiro abwino. Sindimuimba mlandu, ndalama imene ndinkamupatsa inali yochititsa manyazi. Ndinatsala ndekha ndi ana 14, ndipo 6 mwa iwo anali osakwana zaka ziwiri. Ndinadziuza kuti ndi za sabata imodzi. Zinatenga miyezi itatu.

Palibe anavulala, palibe anabwerera kwawo ndi njala kapena thewera lonyowa, moti ndinkadzitama mumtima kuti ndine chamuna. Mwa anawo munali mnyamata wa miyezi 14. Masiku oyamba ankaloza chilichonse. Mbalame ikatera pawindo, kachala m'mwamba, "da!", kenako n'kutembenukira kwa ine kuti ndionenso. Ine thewera lili m'manja, wina akundikoka nsalu, wina wakwera pampando, ndinkangoti "eya, eya" osacheuka n'komwe. Pofika mwezi wachitatu anali atasiya kuloza. Kulira anasiyanso. Ukamukhazika pakona m'mawa, masana umamupeza pomwepo, chala chili m'kamwa. Mayi ake akafunsa madzulo ndinkayankha ndi mtima wonse kuti, "Wanuyu ndiye savuta, ena atamakhala ngati iyeyu bwenzi ndikupuma."

Oyendera malo athu anabwera tsiku lina popanda kundiuza. Anali mayi achikulire, olankhula motsitsa. Mtima wanga unali pa chiphaso. Anaona ndowa yamadzi yosavundikira pakhonde, anandiuza kuti mwana wongoyamba kuyenda amamira ngakhale m'madzi ochepa, poti mutu wake ndi wolemera ndipo akagweramo chadodolido sangadzitulutse. Anaona botolo la mankhwala okolopera pansi pa tebulo. Analemba. Anawerenga ana kawiri, anandiyang'ana, analembanso. Kenako m'malo monyamuka anakhala pansi, n'kungoonerera kwa mphindi ngati 20.

"Mayi, uyu wa pakonayu amakhala chonchi masiku onse?"

"Ameneyo ndi wofatsa, amayi. Savuta."

"Mwana wa msinkhu umenewu amayenera kuvuta."

Anasendera pafupi naye, anatenga kapu ndi supuni, anagogoda kawiri, n'kusiya. Anadikira. Ine ndinaona ngati nthawi yaima. Mwana anayang'ana kapu, anayang'ana nkhope yawo, anayang'ananso kapu. Patapita nthawi anatulutsa chala m'kamwa n'kugwira supuni. Iwo anangoti, "Ehe, supuni!" ndi kumwetulira, n'kudikiranso. Ndi tsiku limenelo ndinazindikira kuti kwa miyezi itatu mwanayo ankandiitana, ine osayankha, mpaka anatopa.

Pambuyo pake ndinawerenga za ku Romania. Ulamuliro wa mtsogoleri wa dzikolo Ceaușescu utagwa mu 1989, anthu amene analowa m'nyumba zosungira ana amasiye anadabwa kupeza zipinda zodzaza makanda koma zili zii. Anawo anali ataphunzira kuti kulira sikubweretsa munthu. Akatswiri atatu a ku America, Charles Nelson, Nathan Fox ndi Charles Zeanah, anatsatira ana 136 a m'nyumba zoterezi mumzinda wa Bucharest. Ena anaperekedwa ku mabanja owalera, ena anatsala momwemo. Amene anapita ku mabanja asanakwanitse zaka ziwiri ndi amene anachira bwino pa nzeru ndi pa kukonda anthu. Malo anga sanafike pamenepo, Mulungu akalola sadzafikapo. Koma kachetechete wa mnyamata uja ndi wa mtundu womwewo.

Ndiye lamulo lija la chiwerengero ndinayamba kulimva. Si la matewera kapena mbale zachakudya, zimenezo manja awiri amakwanitsa ukakhala wachangu. Ndi la maso ndi makutu. Ku England mlezi mmodzi saloledwa kupitirira ana atatu osakwana zaka ziwiri. Kwa a zaka ziwiri malire anali anayi, ndipo boma litawakweza kufika pa asanu mu 2023, alezi ambiri anadandaula. Kumeneko mwana aliyense amayeneranso kukhala ndi mlezi wake mmodzi womudziwa bwino, amene makolo amalankhula naye. Ine ndinali ndi 6 a matewera kuwonjezera pa 8 othamanga. Panopa ndikaganiza ndimachita mantha.

Koma pano ndipamene ndimasiyana ndi olemba malamulo. Lamulo limandiuza kuti ndilembe mlezi wachiwiri, silindiuza kuti ndimulipire ndi chiyani. Makolo amene amabwera kwa ine si olemera. Ndikakweza mtengo amachotsa ana n'kukawasiya kwa munthu wopanda chiphaso, amene oyendera sadzagogoda pakhomo pake mpaka kalekale. Ndikudziwa anzanga amene akamva kuti oyendera ali m'dera amatseka zitseko n'kuuza ana kuti asasokose. Ena sanalembetse n'komwe, osati chifukwa ndi anthu oipa, koma zofunika pa fomu ndi za munthu wokhala ndi nyumba yomangira sukulu. Lamulo lopanda thandizo limangothamangitsira ana kumene diso silifika.

Ndipo thandizo lake si lodula monga ena amaganizira. Ku Kingston, dziko la Jamaica, mu 1986 ndi 1987, gulu la ofufuza lotsogoleredwa ndi Sally Grantham-McGregor linatenga ana opinimbira a miyezi 9 mpaka 24. Ena mwa iwo ankayenderedwa ndi azaumoyo a m'dera kamodzi pa sabata kwa zaka ziwiri, ola limodzi lokha, kuphunzitsa amayi kusewera ndi kucheza ndi ana awo pogwiritsa ntchito zidole zopanga okha ndi timabuku tazithunzi. Patatha zaka 20, amene anayenderedwa aja ankapeza ndalama zochuluka ndi 25 pa 100 iliyonse kuposa anzawo amene sanayenderedwe. Munthu mmodzi wobwera sabata iliyonse, kukhala pansi, kuonetsa. Ngati zinatheka ndi amayi m'makomo, zingalephereke bwanji ndi ife alezi? Ife timaona oyendera kamodzi pa chaka, mwina osawaona, ndipo ambiri amabwera ndi cholembera chokha. Mayi oyendera aja anali osiyana, ndipo sindikudziwa ngati zimene anachita zinali pa fomu yawo.

Sanatseke malo anga. Anandipatsa mwezi umodzi kuti ndipeze wothandiza kapena ndichepetse ana, ndipo anandiuza za maphunziro a alezi a masiku ochepa amene ndinali ndisanamvepo. Kupeza wothandiza ndi kuchepetsa ana, ndinachita zonse ziwiri. Kuuza makolo atatu kuti afune kwina kunali kowawa, mmodzi mpaka lero sandipatsa moni. Mlezi amene ndili naye tsopano ndimamulipira kaye ndisanadzilipire ndekha, chifukwa mwana wamng'ono akazolowera nkhope n'kuiona yasowa, amayambiranso pachiyambi. Tinagawana ana, aliyense ali ndi ake. Posintha thewera timalankhula ndi mwanayo, timatchula mwendo, mchombo, madzi ozizira, n'kumusiyira mpata woti ayankhe m'chilankhulo chake chija.

Mayi a mnyamata uja ndinawauza zoona, kuti kufatsa kuja sikunali kwabwino ndipo wolakwa ndinali ine. Anakhala chete nthawi yaitali, koma sanamuchotse. Patatha milungu ingapo anadandaula kuti mwana wayamba kuvuta kunyumba, akuloza chilichonse ndipo salola kuti umunyalanyaze.

Sabata yathayi kunabwera mayi wina ndi khanda la miyezi 8 kumbuyo, ntchito akuyamba Lolemba. Malo a makanda ndi odzaza. Ndinamulemba m'kaundula wa odikira, ndinamulozera kwa mnzanga wina amene ali ndi chiphaso, ndinamuperekeza mpaka pageti. Atakhota pakona ndinatsala nditaima pomwepo mpaka wina analira m'nyumba.