Utuchi wa ku Ndirande pansi pa nyali

Nditapempha thumba la utuchi wa paini kwa akalipentala a ku Ndirande, bambo wina anandifunsa, "Achimwene, anapiye mwagula angati?" Ndinangoseka. Ndikanati ndiyambe kufotokoza za lignin, dzuwa likanatilowera pomwepo.

Lignin ndiye amene amamata ulusi wa mtengo kuti thabwa likhale lolimba, ndipo amatenga pafupifupi kota ya kulemera kwa mtengo wouma. Nyuzipepala ikakhalitsa padzuwa n'kuchita chikasu, ndi iyeyo akusintha ndi kuwala. Mafakitale ambiri a mapepala amangomuwotcha ngati nkhuni, chonsecho m'kati mwake muli vanillin, wonunkhira m'makeke uja. Kampani ya Borregaard ku Norway imapanga vanillin kuchokera ku lignin. Ine ndinafuna kuona ngati nyali ingamutulutse.

Utuchi ndinausefa, kuuyanika, kenako kuuphika m'madzi a soda wowotcha uja. Magolovesi ndi magalasi a m'maso musaiwale. Musakolezenso kwambiri, chifukwa kutentha kukapyola, mfundo zolumikiza zidutswa za lignin zotchedwa β-O-4, zimene mukufuna kuti kuwala kudzadule kuti vanillin atuluke, zimaduka msanga n'kumangana mwanjira ina yovuta kumasula. Madzi amatuluka akuda bii. Mukawasefa, muzidontheza asidi pang'onopang'ono mpaka pH, muyeso wa ukali wa asidi, ifike pa 2, ndipo matope ofiirira amadikha pansi. Lignin wake ndi ameneyo. Kutsuka, kuumitsa, basi.

Pa kuwala m'pamene ndinaona zakuda. Mumasungunula lignin pang'ono m'madzi a soda, n'kuthiramo ufa wa titanium dioxide, womwe umayeretsa penti uja. Ufawu umadzuka ndi kuwala kwa UV kokha, kosaoneka ndi maso, kwa mafunde aafupi osapyola mananomita pafupifupi 390, ndipo dzuwa lathu, ngakhale la mu Okutobala, UV wake ndi pafupifupi 5 pa 100 basi. N'chifukwa chake ndinagwiritsa nyali ya UV, koma m'kabokosi kotseka, poti UV amawononga maso.

Ulendo woyamba ndinachita umbombo, ndinathira lignin wambiri. Madzi anada moti kuwala kumathera pakhoma la galasi, ufa uli gone m'kati. Wachiwiri magetsi anathima, chotakasira chinaima, ufa wonse pansi. Wachitatu ndinachepetsa lignin n'kusiya nyali usiku wonse. M'mawa madzi ali mbee, ine mtima m'malo, mpaka kuitana mnzanga kuti adzaone. Titayeza, vanillin kunalibe. Ufa uja susankha: ukatha kudula lignin umatembenukira vanillin yemweyo, n'kumuphwanya mpaka atasanduka mpweya wa carbon dioxide ndi madzi.

Ndiye ndinasintha. Ndinayamba ndi kutakasa mumdima kwa theka la ola, kenako kuyatsa, n'kumatapa pang'ono ola lililonse. Botolo lina ndinalikulunga ndi foyilo n'kuliika pambali, chifukwa soda payekha amatha kutulutsako vanillin, ndiye popanda botolo limenelo mukhoza kuyamikira nyali pa ntchito imene sinagwire. Zotapazo ndinazithira asidi, kuzikhutchumula ndi ethyl acetate, mankhwala amadzi amene amakoka vanillin, n'kudontheza pa kambale ka TLC, pamene mankhwala osiyana amakwera mosiyana, pafupi ndi dontho la vanillin wogula.

Pa zimene ndinatapa ola lachitatu, kadontho kanakwera kufanana ndi ka wogula uja, kooneka bwino kuposa ka m'botolo la foyilo. Pofika ola lachisanu ndi chimodzi kanali katazimiririka. Mnzanga ananunkhiza botolo, nati akungomva utuchi wonyowa.