Tasamukira m'chipinda chachikulu, ndipo kompyuta yakale ija idakalipo

Sabata yatha tasamukira m'chipinda chachikulu kumsika wa pa Dedza boma, ndipo pulinta yachiwiri yomwe mudzaione pakona tagula ndi ndalama zathu, osakongola kwa munthu. Ambiri mwakhala mukufunsa kuti zimatheka bwanji kashopu kotayipa ndi kusindikiza ngati kathu kumaliza mayeso a sukulu yonse tsiku limodzi, chikhalirecho kompyuta yake ndi yoti ena akanaiponya kudzala kalekale. Ndiye ndati lero ndifotokoze.

Ndinatsegula mu 2019 nditasiya ntchito yotayipa makalata mu ofesi ina. Katundu wanga anali kompyuta imodzi, pulinta imodzi ndi makina a fotokope ogwiritsidwapo kale ntchito. Kompyutayo ndinagula ku Lilongwe kwa bambo ena omwe analumbira kuti zonse zili m'katimo ndi zenizeni. Munali Windows 7, yomwe eni ake a Microsoft anasiya kuisamalira mu Januwale 2020, komanso Word yobera. Bambo inu mukudzidziwa, ndipo shopu yanu ndimaidutsabe ndikapita kokagula mapepala. Moni ndimapereka, koma ndalama yanga simudzaionanso.

Chaka cha 2022 ndi chomwe chinatsala pang'ono kutigwetsa. Mu Januwale namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira ku Chikwawa, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi anayamba kuzima tsiku lathunthu n'kumabwera pakati pa usiku. Mu Meyi kwacha inagwa ndi 25 peresenti, tona (inki yaufa ya pulinta) ndi mapepala n'kukwera mtengo sabata yomweyo. Ndinali nditatenga katapila kuti ndikonzetse fotokope, ndipo nditachedwa kubweza, mwini ndalama anabwera ndi anyamata awiri n'kunyamula makinawo masana, makasitomala akuonerera. Sindinalire pamaso pawo. Kwa inu amene mumabwereketsa ndalama anzanu akakhala pamavuto n'kumawerengera chiwongoladzanja pa sabata, Mulungu akuonani, ine ndilibe mawu.

Ngati zimenezo sizinakwane, nthawi ya mayeso okonzekera a Sitandade 8 itafika, Word ija inatseka. Kalata inkatseguka koma osalola kusintha ngakhale chilembo chimodzi. Mavairasi obwera ndi mafulashi a makasitomala anali atabisanso theka la mafayilo anga. Patebulo panali ntchito ya sukulu za ku Bembeke ndi ku Linthipe, aphunzitsi atalipira kale theka.

Amene anandipulumutsa ndi mwana wa achimwene anga, yemwe ankaphunzira zamakompyuta ku Lilongwe ndipo anali atabwera kutchuthi. Anayang'ana, n'kuseka. "Azakhali, kompyutayi sinafe ayi, yangolemedwa ndi katundu. Aphunzitsiwa mayeso amakutumizirani bwanji?" Ndinamuonetsa foni. Ambiri amalemba mafunso pa WhatsApp, mawu okhaokha, opanda zokongoletsa zilizonse, ine n'kumawakopera mu Word tsamba ndi tsamba. Iye anati, "Ndiye Word mukuifuniranji?"

Anafufuta zonse n'kuikamo Lubuntu, mtundu wopepuka wa Ubuntu, yomwe ndi Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa mu 2004. Kenako ananditsegulira kawindo kakuda kotchedwa terminal, komwe munthu sudina zithunzi koma umalemba lamulo n'kumenya Enter. Achinyamata ambiri amakaopa kawindo kameneka. Ine ndinaphunzira ntchito pa tayipilaita, ndiye ndinangoona ngati ndabwerera kwathu: zala pa kiyibodi, maso pa mzere, basi.

Ntchito yake imayenda motere. Uthenga wa mphunzitsi ndimausunga ngati fayilo wamba, tinene kuti mayeso.txt. Fayilo yotere ilibe tsamba, ilibe malire a m'mbali, sidziwa kuti pepala la A4 ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Pamafunika pulogalamu yoti iyale mawuwo patsamba. Yoyamba yomwe tinayesa ndi enscript, imene imasandutsa mawu kukhala PostScript, chilankhulo cha mapulinta chomwe kampani ya Adobe inatulutsa m'zaka za m'ma 1980. Ukalemba enscript -2r umapeza masamba awiri papepala limodzi logoneka, ndipo pa nthawi imene rimu ya mapepala inkakwera mtengo mwezi ndi mwezi, zimenezo zinali ndalama. Kuchoka pamenepo lamulo la ps2pdf, lomwe limabwera ndi pulogalamu ya Ghostscript, limasandutsa PostScript ija kukhala PDF yoti utha kuiona kaye usanasindikize.

Koma pepala loyamba la Chichewa litatuluka tinagwira pakamwa. Mphunzitsi yemwe anatumiza mafunsowo amalemba Malaŵi ndi kadenga pamwamba pa w, monga zilili m'mabuku ambiri akale, ndipo papepala panatuluka MalaÅµi. Mawu onse okhala ndi kachizindikiro kopindika komwe foni imaika mu ng'ombe, ng'oma ndi pang'ono anali atadzaza nyansi. Mnyamata uja anandifotokozera kuti foni zimasunga zilembo m'njira yotchedwa UTF-8, momwe chilembo ngati ŵ chimatenga malo awiri, pomwe enscript ndi yakale ndipo malo aliwonse imawawerenga ngati chilembo pachokha. Pepala la Chingerezi likhoza kudutsa osaonetsa vuto, koma la Chichewa limakuyalutsa pamzere woyamba. Tinasintha n'kutenga pulogalamu ina yotchedwa paps, yomwe UTF-8 imaidziwa bwino. Mzere womwe ndimalemba kawirikawiri mpaka lero ndi uwu:

paps --paper=a4 --font="DejaVu Sans 11" mayeso.txt > mayeso.ps

Ndikatero ndimalemba ps2pdf mayeso.ps, ndiyang'ane ngati funso silinaduke pakati pa masamba awiri, kenako lp -n 60 mayeso.pdf, pulinta n'kutulutsa makope 60. Mayeso a ana aang'ono ndimakweza zilembo kufika pa 14. Mndandanda wautali wa mayina, ngati wa banki m'khonde kapena wa kwaya, ndimauika m'mizati iwiri powonjezera --columns=2, pepala limodzi n'kugwira ntchito ya awiri.

Chomwe chinatibwezeretsa pamsika kwenikweni ndi kuchuluka kwa ntchito yomwe lamulo limodzi limatha kunyamula. Sukulu ikatumiza maphunziro onse kuyambira Sitandade 5 mpaka 8, kale ndinkatsegula fayilo iliyonse payokha, kukonza, kusindikiza, kutseka, mpaka dzuwa kulowa. Pano ndimaika zonse m'foda imodzi n'kulemba soffice --headless --convert-to pdf *.txt, LibreOffice, pulogalamu yaulere yogwira ntchito ngati Word, n'kuzisandutsa zonse kukhala ma PDF popanda ngakhale kutsegula windo lake. Nthawi ya mdima ija ndinkakonza ma PDF masana pa laputopu ya mnyamatayo batire isanathe, n'kuwaika pamzere wodikira pulinta. Pulinta ya leza imadya magetsi ambiri chifukwa imatenthetsa tona kuti imatirire papepala, ndiye kainiveta kathu sikakanaikwanitsa. Magetsi akangobwera usiku, bambo a kunyumba ankandiperekeza kushopu titafunda mabulangete, pajatu kuzizira kwa Dedza mu Juni simasewera, tikayatsa pulinta ntchito n'kumatuluka yokha motsatana. M'mawa aphunzitsi ankapeza mitolo yawo itamangidwa kale.

Sindikunamizani kuti njirayi imachita zonse. Mayeso a masamu okhala ndi zojambula, khadi la ukwati lamaluwa kapena satifiketi zimafuna kukhala pansi n'kuyala ndi dzanja, ndipo timatero mu LibreOffice. Amene mukufuna fayilo ya Word yoti mukasinthe nokha, timakupangirani ndi pandoc, pulogalamu yomwe John MacFarlane, mphunzitsi wa payunivesite ku Berkeley, anayamba kulemba mu 2006. Koma ntchito zambiri zomwe zimalowa pakhomo pathu ndi mawu okhaokha: mafunso, maminitsi a msonkhano, malamulo a gulu, pologalamu ya maliro yomwe ikufunika m'maola awiri. Pa zimenezo sindinaonepo chachangu kuposa kawindo kakuda kaja. Ndipo kwacha itagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anzathu ena atatseka, ife tinapirira chifukwa sitilipira laisensi ya pulogalamu iliyonse, sitiitana wochotsa mavairasi, ndipo mapepala oonongeka ndi ochepa.

Zothokoza ndili nazo zambiri. Choyamba Mulungu, amene anatisunga. Mwana wa achimwene uja, yemwe pano ali pantchito koma ndikamuimbira usiku amayankhabe kuti "Azakhali, mwalemba chiyani, tandiwerengereni," ndipo sananditopelepo. Bambo a kunyumba, omwe anagulitsa matumba a mbatata ya kachewere ya munda wathu kuti tiombole fotokope ija. Amayi a gulu lathu la banki m'khonde, omwe anandikongoza mwaulemu, osandichititsa manyazi pagulu. Aphunzitsi aakulu a ku Bembeke ndi ku Linthipe omwe anadikira osafuna kubwezeredwa ndalama zawo, ndipo m'malo mwake anauza anzawo a ku Lobi, ku Mayani ndi ku Thete. Azibusa ndi alembi a mipingo omwe mumabwera Loweruka lililonse. Anyamata a kabaza omwe mumanyamula mitolo yathu mvula ikugwa mutaikulunga m'pulasitiki ngati yanu. Mtsikana yemwe ndimagwira naye ntchito, amene anabwera asakudziwa kuyatsa kompyuta, lero ndi amene amandikumbutsa lamulo ndikaiwala. Eni nyumba yakale, omwe anandipirira miyezi ija lendi ikuchedwa, Ambuye akudalitseni.

Tsopano poti malo akula, tikulandira ntchito zazikulu kuposa kale. Aphunzitsi, teremu isanafike kumapeto tumizani mafunso anu msanga. Simukufunika laputopu kapena fulashi: lembani pafoni, funso lililonse pamzere wake, musiye mzere wopanda kanthu pakati pa mafunso, dzina la phunziro ndi kalasi zikhale pamwamba. Tikutumizirani PDF muione kaye, mukavomera ndiye tisindikize, ndipo kadenga ka ŵ kadzatuluka pamalo pake. Mapepala athu timasunga m'kabati youma kuti chinyontho cha nkhungu chisawalowe, n'chifukwa chake sakakamira m'makina kapena kutuluka atakwinyika. Sukulu yobweretsa maphunziro onse pamodzi timaichotserako mtengo. Kulipira ndi pa Airtel Money, pa TNM Mpamba kapena pamanja. A ku Chimbiya, ku Lizulu ndi ena a m'mbali mwa msewu wa M1 timakutumizirani pa minibasi tsiku lomwelo. Za maliro timazipanga patsogolo pa ntchito ina iliyonse, ngakhale Lamulungu, ingogogodani. Ndipo achinyamata ofuna kuphunzira kawindo kakuda kaja, Loweruka masana tili ndi mipando iwiri, bwerani ndi kope ndi cholembera.